Msomali wa Apongozi Anga

M'ma 1960, ufulu utangobwera

Za ubwana wanga sindilemba, mukafunse azakhali anu ku Kanyama, iwo ndiwo amakonda nkhani zimenezo. Ine ndiyambira pa tsiku limene ndinavala yunifomu. Sukulu ndinasiyira ku sekondale, osati chifukwa cha mutu wouma, koma ndinayankha mphunzitsi wina mawu amene sanawakonde. Atate anga, amene anachoka ku Nyasalande ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, sanandikwapule. Anangonditenga m'mawa mwake n'kupita nane ku chipatala chachikulu cha m'tauni, kumene mnzawo wa kutchalitchi anali kapitawo wa onyamula odwala. Anamuuza kuti mwanayu ali ndi msana wolimba ndi pakamwa poipa, inu mugwiritse ntchito msanawo, za pakamwapo muona nokha.

Anandiika ku wodi ya mafupa. Inu simunaione wodi ya masiku amenewo. Mabedi anali ndandanda mpaka kukhomo, ndipo kumiyendo kwa bedi lililonse kunali kawilo, chingwe chikudutsa pamenepo, chitsulo cholemera chikulendewera pansi. Munthu wothyoka ntchafu ankagona chagada miyezi yathunthu, mwendo ukukokedwa kuti fupa lilumikizane lili lowongoka. Ntchito yanga inali kutembenuza anthu, kuwasambitsa, kuwapaka mafuta kumsana ndi kutaya za m'mapoto. Anyamata ogundidwa ndi galimoto ankapirira, ankanyozana za mpira tsiku lonse, mapeto ake n'kutuluka akuyenda. Okalamba ndiwo ankandisowetsa mtendere. Nkhalamba ikagwa, fupa limakonda kuthyoka kumtunda kwenikweni, pamene ntchafu imalowa m'chiuno. Sipafunika dokotala kuti udziwe. Mwendo umafupika, phazi limagwera kunja ngati layambana ndi linzake. Anthu otere tinkawagoneka pa chingwe ngati anzawo, koma iwo bedi silinkawayanja. Ankayamba kukana chakudya, kenako chilonda pamatako, kenako kachifuwa kouma, kenako kuitana anthu amene anamwalira kalekale. Tsiku lina umafika m'mawa n'kupeza matiresi atapindidwa. Ndinaziona kambirimbiri mpaka ndinkazindikira kachifuwa kameneko ndili kunja kwa chitseko. Achibale ankati wafa ndi chibayo. Ine ndinkati wafa ndi kugona.

M'ma 1970, ku fiyeta ndi ku mafizo

Ku wodi sindinachoke mwa kufuna kwanga. Kunabwera kapitawo watsopano amene ankatituma kukatsuka galimoto yake odwala akudikira. Ndinamuuza kuti aitsuke ndi lilime lake, ndipo posakhalitsa ndinapezeka ku fiyeta, kumene amachitira opaleshoni. Ankaganiza kuti akundilanga, chifukwa dokotala wa mafupa wa kumeneko anthu ankamuthawa. Anali wochokera kunja, wamfupi, wa mikono yaubweya, ndipo tonse tinkamutcha Bwana Nyundo. Ankakalipa kuyambira posamba m'manja mpaka posoka. Tsiku loyamba anandikalipira kuti ndagwira mwendo wa munthu ngati mpini wa khasu. Ndinamuyankha kuti m'malo mokuwa andionetse yekha, popeza palibe amene anabadwa akudziwa. Anandiyang'ana pamwamba pa kansalu ka pakamwa, n'kundionetsa. Tinagwira ntchito limodzi zaka zingapo tikukalipirana, ndipo palibe bwana wina amene ndinamulemekeza ngati iye.

Kumeneko ndiko ndinauona msomali. Wodwala akagona ndi mankhwala tinkamumangirira mapazi pa tebulo lapadera, ine n'kukoka mwendo wothyokawo pang'onopang'ono, n'kuutembenuzira mkati mpaka mafupa ayang'anane. Ankajambula ekisire, wina n'kuthamanga ndi filimu kukatsuka, tonse titaima kudikira. Zikakhala bwino Bwana Nyundo ankang'amba pambali pa ntchafu, n'kulowetsa kawaya kotsogolera njira, n'kujambulanso. Kenako ankatenga msomaliwo, chitsulo chosachita dzimbiri, chotalika kuposa chala, cha nthiti zitatu kuti chisazungulire m'fupa, n'kuukhoma ndi nyundo monga kalipentala amakhomera thabwa. Phokoso lake linkamveka mpaka kukhonde. Pomaliza ankamangirira kachitsulo kena m'litali mwa fupa ndi masikuluu. Mawu ake kwa namwino aliyense anali amodzimodzi, akuti msomali suchiritsa, umangogwira fupa kuti munthu adzuke. Akapeza wodwala wake adakali chagada patapita masiku, wodi yonse inkamva.

Kenako zinthu zinayamba kusowa. M'masitolo munasowa sopo, ufa ndi mafuta ophikira amene timati saladi, ndipo kwathu ku chipatala kunasowa mafilimu, ulusi wosokera ndi misomali yomwe. Magolovesi tinkachapa, kuyanika, n'kuwauzira mpweya kuona ngati abooka. Zitsulo zolendewera zitachepa tinkamangirira njerwa. Wachinyamata amene fupa lake lagwira tinkamuitana kuti timuchotse msomali, n'kuuwiritsa kuti ukagwire wina. Okalamba ankadikira pa chingwe kuti msomali upezeke, ndipo ena sankaufikira. Zimenezi zinkandiwawa mpaka kulephera kukhala pansi. Tsiku lina akuluakulu a Chipani anabwera kudzatiphunzitsa za kudzipereka pa ntchito, ine ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati galimoto zimene abwerera sizingasungunulidwe kuti tipange misomali. Palibe anaseka. Bwana Nyundo anali atabwerera kwawo, kunalibe wondiikira kumbuyo, ndipo anandisamutsira ku chipinda cha mafizo, kuseri kwa ochapa zovala, kumene ankaponya anthu amene sakuwafuna.

Anandiponya pamalo panga penipeni. Ku mafizo ndiko munthu wokhomedwa msomali amaphunzira kuyendanso. Umamukhazika m'mphepete mwa bedi, miyendo ilendewere mpaka chizungulire chithe. Mawa lake umamuimika atagwira chimango cha mapaipi, phazi la mwendo wodwalawo lingokhudza pansi ngati akuponda dzira. Amalira, amakutukwana, amaitana amake. Iwe umangoti tiyeni, kamodzinso. Ukamumvera chisoni lero, mawa miyendo yake idzakhala yofooka kuposa lero. Ntchito imeneyi imafuna munthu wosamva chisoni msanga, choncho inandiyenera. Msana wanga unathera komweko, n'chifukwa chake ndapuma ntchito anzanga adakali pa yunifomu.

Amayi anu ndinawakwatira ndidakali ku fiyeta, ndipo apa ndifotokoze mwambo umodzi, chifukwa inu mwakulira m'tauni. Kwa Abemba, mtundu wa amayi anu, mkamwini ndi apongozi ake aakazi amaopana kuposa kwathu. Sayang'anana, sadyera pamodzi, sakhudzana, ndipo m'chipinda mmene muli apongozi mkamwini salowamo. Mukakumana panjira wina amapatuka. Mukafuna kulankhulana mumadzera mwa munthu wina, ngakhale nonse mukumvana bwinobwino. Zimatha pokhapokha akuchikazi akakhutira nawe patapita zaka, n'kukukonzera mwambo umene amati kwingisha, kukulowetsa m'nyumba. Amuna a amayi anu aang'ono a ku Migodi, amene anakwatira pambuyo panga, anali atalowetsedwa kale. Ine ayi. Ankati Bashi Mwila, kutanthauza ine atate a Mwila, ndi munthu waukali. Sindinkadandaula. Kusalankhula ndi apongozi kunkandipulumutsa ku milandu yambiri.

Dzinja lina, kumayambiriro kwa m'ma 1980

Ambuya anu, apongozi angawo, atamwalira amuna awo anachoka kumudzi n'kudzakhala ku Chawama kwa alongo awo, Ba Kapembwa, amene anali mlonda ku mafakitale. Ambuya anuwo anali mayi wamng'ono thupi, woyenda mofulumira, wosakonda kuthandizidwa. Tsiku lina kunamveka kuti ku sitolo kwafika saladi. Anapita kukaima pamzere, chitseko chitatsegulidwa anthu anakankhana, iwo anagwera pa mwala. Anawanyamula pa wilibala mpaka kumsewu. Ine ndinawaona pa machira akudutsa kukhonde la chipatala, ndinapatuka monga mwa mwambo, koma maso anali ataona kale phazi. Linali litagwera kunja.

Anadikira pa chingwe ngati wina aliyense, ine ndikuzungulira kunja kwa wodi ya akazi ngati galu womangidwa. Msomali unapezeka, dokotala wachinyamata wa kwathu konkuno anaukhoma, ndipo ndinapita ndekha kukaona ekisire. Anaukhoma bwino, Bwana Nyundo sakanapezapo chokalipira. Mnzanga wamkazi wa ku mafizo anawakhazika pampando, n'kuwaimika kangapo. Kenako bedi linafunika kwa wina ndipo anawatulutsa. Ku Chawama madzi anali atalowa m'nyumba, choncho anabwera nawo kwathu ku Matero, kumene kunali simenti pansi ndi mpopi pafupi.

Ine ndinali nditakonza zonse. Ndinati atenge chipinda chathu ndi bedi lathu, lomwe linali lalitali bwino, ine ndizigona pabalaza. Mnzanga wina wowotcherera zitsulo ku mafakitale anandipangira chimango cha mapaipi chofanana ndi cha kuchipatala. Ndinapita ku ntchito mtima uli m'malo. Pobwera madzulo ndinapeza bedi lathu lili lokha. Ambuya anu anali atakana kwamtuwagalu. Mayi angagone bwanji pa bedi la mwana wake ndi mkamwini? Anawayalira mphasa ndi bulangete pansi, m'chipinda cha inu ana, ndipo akazi onse anagwirizana kuti zakhala mwaulemu. Ndinafunsa za bedi lanu anawo, anati ndi lalifupi ndipo amaopa kugwanso, pansi ndi pomwe anazolowera. Mumvetse bwino apa. Munthu wa msomali m'chiuno angathe kudzuka pa bedi kapena pampando. Pansi sangadzuke. Ngakhale inu, mangani mwendo umodzi ku thabwa, mugone pa simenti, muyese.

Ndinayamba kutumiza mawu kudzera mwa amayi anu. Ndinkaima pabalaza n'kunena mokweza kuti muwauze akhale pampando, muwatembenuze, asagonere mbali imodzi, ayime atagwira mapaipi. Khoma la nyumba za ku Matero ndi lopyapyala, ankandimva okha. Koma amayi anu akalowa, mawu anga ankasanduka ena. Ndinkawamva akunong'ona kuti Bashi Mwila akufunsa ngati mwagona bwino. Akatuluka yankho linali limodzi, loti adzuka mawa, lero mwendo ukuwawa kwambiri.

"Bakamba ati mailo. Lelo mwendo ubaba maningi."

"Mailo uzababa kupambana lelo," ndinkatero ine, n'kutuluka panja ndisananene zambiri.

Sindikunena kuti sankawasamala. Ankawasamala mpaka kuwapha. Ankawadyetsa phala ndi supuni atagona, ankawathowa mwendo ndi madzi otentha, ankawabweretsera poto kuti asavutike. Amayi a kutchalitchi ankabwera ndi nkhuku ndi mapemphero. Wina aliyense woyesa kuwadzutsa akamva kubuula ankasiya msanga n'kupepesa. Amayi anu anali ndi pakati pa Chanda, sakanatha kunyamula munthu kuchokera pansi, ndipo ngakhale akanatha, analeredwa kuti mayi akati ayi, ndi ayi. Mnzanga wa ku mafizo uja ndinamupempha, anabwera Loweruka lina, anawakhazika pampando movutikira, koma atangochoka anawatsitsiranso pa mphasa. Ntchito imeneyi si ya Loweruka limodzi, ndi ya m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse. Chimango cha mapaipi chinaima pakona, ndipo tsiku lina chitseko chili chotsegula ndinaona kuti ayanikapo zitenje.

Masiku amenewo ndinali munthu wosagwirika. Ku ntchito ndinkaimika agogo a anthu ena, n'kuwaona akutuluka pa geti ndi ndodo. Kunyumba kwanga munthu amene ndikanamuyendetsa mosavuta anali kuseri kwa chitseko cha mapulanga, ndipo ine sindikanalowa. Ndinkadya chiimirire. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Inu munali aang'ono, mwina mukukumbukira kuti munkandithawa. Kenako podutsa pa chitseko ndinamva fungo limene ndimalidziwa, fungo la chilonda cha kugona. Ndinafunsa amayi anu, anayang'ana pansi n'kunena kuti ndi kakang'ono chabe. Posapita nthawi ndinamva kachifuwa.

Lamulungu m'mawa sindinapite kutchalitchi. Ndinakwera basi kupita ku Chawama, ndinavula nsapato n'kudutsa m'madzi mpaka kwa Ba Kapembwa, chifukwa iwo monga amalume a amayi anu ndiwo anali mwini mbumba. Ndinawapeza atakhala pa mpando umene anauika pa njerwa. Ndinagwada m'matope, chinthu chimene sindinachitirepo bwana aliyense. Ndinawafotokozera zonse, za msomali, za chilonda, za chifuwa. Ndinati alongo awo afunika munthu wowanyamula kawiri pa tsiku, munthuyo ndine, choncho andilowetse m'nyumba msanga, ngakhale lero lomwe, ngakhale popanda ng'oma ndi zophika. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kuyatsa fodya.

"Mwana wanga, kwingisha sibapempha. Bamakupasa," anatero. "Ni vinthu va bakulu. Vifunika bantu ba kumunzi babwele, mvula ikasila."

"Mvula ikasila bazabwela ku malilo," ndinatero ine.

Sanakwiye n'komwe.

"Ndiye pakamwa pamene apo, Bashi Mwila. Ndiye chifukwa chake mukali panja."

Ndinadzuka osatsanzika. M'basi yobwerera ndinaganiza zonse zimene zikanatsatira. Ndikalowa m'chipinda chimenecho ndidzakhala mkamwini amene anagwira apongozi ake m'chiuno, ndipo kwa anthu a amayi anu dzina limenelo silichoka. Amayi anu adzayenda ndi manyazi kumsika ndi kutchalitchi. Mwina abale awo adzawatenga, ndi inu nomwe, popeza kwawo ana ndi a kuchikazi. Ndikapanda kulowa ndidzakhala mkamwini waulemu, ndidzagula bokosi labwino, ndipo anthu adzandiyamikira pamanda. Ndinafika ku Matero ndisanasankhe.

Inali nthawi ya masana. Ndili pa geti ndinamva amayi a kutchalitchi akuimba m'chipinda, nyimbo zapansipansi zimene amaimbira munthu amene akumutaya. Pakati pa vesi ndi vesi kachifuwa kaja kanamveka. Sindikumbuka kuti ndinaganizanso. Ndinavula nsapato pakhomo la chipinda, ulemu wokhawo umene ndinaukumbukira, n'kukankha chitseko. Nyimbo inaduka. Ambuya anu anakoka chitenje n'kuphimba nkhope. Mayi wina anadzuka kuti anditchingire, ndinamuuza kuti apatuke ndipo anapatuka. Ndinachotsa zitenje pa mapaipi n'kuziponya pansi, ndinakoka mpando, ndinagwada pambali pa mphasa.

"Bamayo, nizakunyamulani."

Amenewo anali mawu anga oyamba kwa iwo chikwatirire mwana wawo. Ndinauza amayi anu kuti agwire mwendo wa msomali pansi pa bondo ndi pa chidendene, usapindikire mkati. Anali akulira, akupukusa mutu. Koma nditalowetsa mkono wina kumsana ndi wina m'chiuno n'kuyamba kukweza, anaona kuti mwendo ulendewera wokha, ndipo manja awo anaugwira ndendende mmene ndinanenera. Ambuya anu anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anakuwa kamodzi. Ndinawakhazika pampando, ndinawagwira mapewa mpaka chizungulire chitadutsa, ndinaika mapaipi patsogolo pawo, n'kubwerera chafutambuyo mpaka pakhomo. Akazi aja ena anatembenukira kukhoma, ena anagwira pakamwa.

Ambuya anu anatsokomola nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba makhololo anatuluka. Atapeza mpweya anachotsa chitenje kumaso. Sanayang'ane ine, anayang'ana amayi anu. Mawu awo anali aang'ono koma osanjenjemera. Anati auze mwamuna wawo kuti m'nyumba ya munthu wopanda mwambo iwo sakhalamo, awachotsemo. Apa ndinaloza chitseko n'kuwayankha ndekha, chifukwa cha matope a ku Chawama, chifukwa cha masiku onse aja a kuzungulira pabwalo.

"Chitseko icho, bamayo. Motoka sinizaitana, na kukunyamulani sinizakunyamulani futi. Ngati mufuna kuchoka, muzachoka na mendo yanu."

Anthu ena pambuyo pake anati ndinachita dala, kuti inali nzeru ya kuchipatala. Bodza. Ndinangopsa mtima. Ndinapita panja, ndinatenga njerwa n'kukweza bedi lanu anawo, amayi anu n'kulikokera pafupi ndi mpando. Pa mphasa panalibenso amene akanalimba mtima kuwatsitsirapo.

Nkhani inafika ku Chawama dzuwa lisanalowe. Mawa lake Ba Kapembwa anabwera ndi anyamata awiri ndi galimoto yobwereka kuti awatenge, madzi kapena ayi. Kwa ine sanalankhule, anangouza amayi anu kuti za kwingisha mwamuna wawo aiwale. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mabulosi ndikudziwa kuti akawanyamula, akukawagoneka pansi penanso, ndipo nthawi ino sindidzakhalapo. Anakhalitsa m'chipinda. Kenako anatuluka okhaokha, anyamata aja manja ali lende. Amayi anu anadzandiuza patapita nthawi zimene zinachitika. Ambuya anu anakana. Anati munthu uja wanena pamaso pa anthu a kutchalitchi kuti sindingachoke ndi miyendo yanga, ndiye sindituluka ngati mtembo iye akuonerera.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinamva phokoso limene ndinkalimva ku ntchito tsiku lililonse, mapaipi akukhukhuluzika pa simenti. Anakhukhuluzika kamodzi, kenako kubuula, kenako chete. Ndinapita kuseri kwa nyumba, pansi pa windo, n'kulankhula ngati ndikuuza nkhuku. Ndinati mapaipi atsogole, mwendo wa msomali utsatire koma ungokhudza pansi, manja anyamule thupi, wabwino ubwere pomaliza. Mapaipi anakhukhuluzikanso.

Tinakhala choncho dzinja lonse. M'chipinda sindinalowenso, ndipo sipanafunikenso. Ndinkaima pa windo m'mawa ndisanapite ku ntchito ndi madzulo ndikabwera, ndikuuza nkhuku. Chifuwa chinatha ndi mankhwala a ku kiliniki ndi kukhala tsonga. Chilonda chinachedwa, koma amayi anu ankachitsuka ndi madzi a mchere ndipo chinatseka. Amayi anu sankandilankhula china chilichonse kupatula za mwendo. Chakudya ankandiikira pa tebulo n'kuchoka. Kumsika akazi ankasiya kulankhula iwo akafika, ndipo zimenezo ndinazimva kwa anthu ena, iwo sanandiuzepo. Ambuya anu anafika pakhomo la chipinda, kenako pabalaza, ine ndikuthawira panja kuti adutse. Anafika pa mpopi. Anafika pa geti n'kuima kuyang'ana msewu ngati munthu woyeza mtsinje. Anasiya mapaipi n'kutenga ndodo ziwiri, kenako imodzi. Ndinawatumizira mawu kuti asafulumire, fupa la munthu wamkulu limagwira mochedwa, ndipo aka kokha anamvera, chifukwa sankafuna kugwa pabwalo panga. Mwendo unatsala wofupikirapo, ankatsimphina, koma phazi linali lolunjika kutsogolo.

Mukudziwa kale kuti m'nyumba mwanga sanalowenso mpaka imfa yawo, zaka zambiri pambuyo pake, ndipo inu ndinu amene munkapita kukawaona ku Chawama n'kuwapeza akugulitsa tomato pakhomo. Ine kwingisha kuja sanandichitire, ndipo pa maliro awo ndinakhala panja ndi anthu odutsa. Amayi anu anandikhululukira pang'onopang'ono, Chanda atabadwa. Mukafuna kudziwa ngati ndikanachitanso, ndikanachitanso, ndipo sindikanataya nthawi kupita kukagwada m'matope.

Ambuya anu anachoka kwathu mvula itatha, Loweruka m'mawa. Amayi anu anasenza kamtolo kawo. Ambuya anu anatuluka pa geti ndi ndodo yawo, atavala duku loyera, osatembenuka. Ndinawasiya apite patsogolo, n'kutsatira patali. Msewu wopita pokwerera basi unali ndi maenje a mvula, ndipo pa dzenje lililonse mapazi anga ankafuna kuthamanga. Anawazungulira onse. Anapuma pa mtengo wa magetsi, anapumanso pa golosale, anafika.

Basi inabwera yodzaza, ndipo sitepe yake inali yaitali. Za masitepe sindinawaphunzitse, kwathu kunalibe. Anagwira chitsulo cha pakhomo, anakweza mwendo wina, anaubweza. Anakweza winawo, anaubwezanso. Kondakitala anayamba kumenya basi ndi dzanja, anthu akumbuyo akung'ung'udza. Mnyamata wina anatambasula manja kuti awanyamule, iwo anamutchinga ndi ndodo. Ndinali nditafika pafupi ndi tayala lakumbuyo. Anatembenuzira mutu kwa amayi anu.

"Funsa Bashi Mwila, mwendo uyamba ni uti."

Ndinayang'ana tayala.

"Bauzeni, pokwela uyambe wabwino. Poseluka uyambe wa musomali."

Amayi anu anabwereza mawuwo, a pokwera ndi a potsika omwe, mmene ndinawanenera, osachotsapo kanthu. Ambuya anu anaponda ndi wabwino, anakoka ndi manja, analowa. Munthu wina anawapatsa malo ndipo anakhala moyang'ana mbali ina ya msewu.

Ndinalibe chochita m'tauni tsiku limenelo, koma basi itayamba kuyenda ndinalumphira pa khomo lakumbuyo. Ndinaima njira yonse nditapanikizidwa pakati pa thumba la makala ndi munthu wonyamula nkhuku. Pa siteshoni ya m'tauni, pamene anayenera kusintha basi, ndinatsika msanga n'kukaima kuseri kwa ogulitsa nthochi. Anthu onse anatuluka, iwo anatsala omaliza. Anaima pakhomo, anatsitsa ndodo, anayang'ana pansi. Anatsogoza wa msomali.